Kobalti wa M'migodi Yathu ndi Ceza Cocokela ku Nyenyezi Zikuluzikulu



Pa msonkhano wina wa acinyamata panabuka funso limene linatsala lopanda yankho. Mnyamata wina amene amatola miyala pa mulu wa zotsala za ku ng'anjo anafunsa kuti: "Agogo anga anapita ku Lusaka kukawochedwa khansa, ndipo anatiuza kuti makinawo ndi a kobalti. Nanga ife amene timagwila miyala ya kobalti ndi manja tsiku ndi tsiku, sitikupsa m'kati?" Mnzake anawonjezela kuti anamva kusukulu kuti kobalti amapezekanso m'nyenyezi. Ena anaseka, koma onse awili anali ndi mfundo. Tafufuza nkhaniyi, ndipo taona kuti yankho lake likukhudza anthu odwala, ogwila nchito m'migodi, ogula zitsulo zakale, komanso ana athu a sukulu. Conco tiyeni tiyambile poyambila.

Kuwala kumene maso saona

Ambili a ife amene tinagwilapo nchito m'migodi tinajambulidwapo pacifuwa ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe. Munthu umaima kutsogolo kwa makina, suona kanthu, sumva kanthu, koma cithunzi ca nthiti zako cimatuluka. Cimene cadutsa m'thupi mwako ndi kuwala ndithu, koma kwa mtundu umene maso saona. Kuwala kuli m'mitundu yambili. Kuli mafunde a wailesi, kuli kutentha kumene timamva tikayandikila mbaula, kuli kuwala kooneka, kuli X-ray, ndipo pamwamba pa zonsezi pali ceza ca gamma, cimene cili ndi mphamvu yoposa mitundu ina yonse.

Ceza cimeneci anacitulukila ndi Paul Villard ku Paris mu 1900, patapita zaka zinayi kucokela pamene Henri Becquerel anaona kuti miyala ya yuleniyamu imadetsa filimu yojambulila ngakhale ili mumdima. Dzina lakuti gamma anapeleka ndi Ernest Rutherford mu 1903.

Ceza ca gamma cimene tikukamba pano cimacokela m'phata la atomu. Cinthu ciliconse, kaya ndi nsima, khasu kapena thupi la munthu, cinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali phata, ndipo m'phatamo muli tizinthu twa mitundu iwili, mapulotoni ndi manyutiloni. Kuculuka kwa mapulotoni ndiko kumapeleka dzina: citsulo cili ndi 26, kobalti ali ndi 27, mkuwa uli ndi 29, yuleniyamu ali ndi 92. Koma manyutiloni amatha kusiyana ngakhale dzina lili limodzi. N'cifukwa cake pali kobalti-56, kobalti-59 ndi kobalti-60. Nambalayo ndi mapulotoni ndi manyutiloni tikawaphatikiza.

Maphata ena ndi okhazikika, amakhala mmene alili mpaka kalekale. Ena ndi osakhazikika. Pakapita nthawi amasintha n'kukhala cinthu cina, ndipo posinthapo amataya mphamvu yotsala ngati ceza. Mtundu uliwonse uli ndi liwilo lake. Ngati lelo muli ndi maatomu 1,000 a kobalti-56, pakapita masiku 77 patsala 500, pakapita masiku ena 77 patsala 250, kenako 125. Nthawi imeneyi, imene theka limatha, akatswili anaipima pa mtundu uliwonse.

Cinthu cina cofunika n'cakuti mtundu uliwonse umatulutsa ceza ca mphamvu yakeyake, imene siisintha kulikonse. Zili ngati nambala ya pa NRC: ukaiona, wadziwa mwini wake. Mphamvuyo amaipima mu keV, ndipo mu nkhani ino manambala amenewa tiziwachula kuti zizindikilo. Kobalti-56 ali ndi 847 ndi 1,238. Kobalti-60 ali ndi 1,173 ndi 1,332. Aluminiyamu-26 ali ndi 1,809. Poyelekezela, kadontho kamodzi ka ceza ca aluminiyamu-26 kali ndi mphamvu yoposa kadontho ka kuwala kooneka pafupifupi nthawi miliyoni imodzi.

Ng'anjo za kumwamba

Ife a kuno timaidziwa ng'anjo. Koma ng'anjo ya ku Mufulira kapena ya ku Chingola sipanga mkuwa. Imangoulekanitsa ndi miyala. Mkuwawo unalimo kale. Nyenyezi ndi ng'anjo ya mtundu wina, cifukwa imatenga maatomu opepuka n'kuwalumikiza kukhala olemela. Dzuwa lathu, limene lilinso nyenyezi, limalumikiza haidilojeni kukhala hiliyamu pakati pake, pamene kutentha kumafika madigili 15 miliyoni. Mphamvu yotuluka pamenepo ndi imene imaumitsa cimanga cathu.

Mu 1957, akatswili anayi, Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle, analongosola mwatsatanetsatane mmene nyenyezi zimapangila maatomu olemela. Caka comweco Alastair Cameron anafika pa mfundo zofanana ali ku Canada.

Nyenyezi zimene zimalemela kuposa dzuwa nthawi 8 kapena kupitilila ndizo zimagwila nchito yaikulu. Zimayaka mwaukali ndipo sizikhalitsa. Dzuwa likhoza kuwala zaka 10 biliyoni, koma nyenyezi yolemela nthawi 20 imatha m'zaka pafupifupi 10 miliyoni cabe. Haidilojeni akatha pakati, imayamba kuwocha hiliyamu n'kupanga kaboni ndi okosijeni. Kenako imawocha kaboni, neoni, okosijeni, ndipo pomalizila silikoni. Gawo lililonse limafupikila kuposa linzake. La silikoni, pa kutentha kwa madigili pafupifupi 3 biliyoni, limatenga masiku owelengeka. Panthawiyo nyenyezi imakhala ngati anyezi, mikwamba mikwamba, ndipo pakati penipeni pali citsulo.

Pa citsulo m'pamene ulendo umathela, cifukwa kulumikiza citsulo sikutulutsa mphamvu. Moto ukazima pakati, palibenso cocilikiza kulemela kwa nyenyezi yonse. Phata lake limagwela m'kati pa nthawi yosakwana sekondi imodzi, ndipo mbali zakunja zimaphulika n'kumwazikila kutali. Kuphulika kumeneku ndiko amati supanova. Kumamwaza zonse zimene nyenyeziyo inapanga, ndipo m'kutentha kwa kuphulikako mumapangidwanso zina zatsopano, zambili mwa izo zosakhazikika.

Koma mfundo yolembedwa pa pepala imafuna umboni. Palibe amene angapite ku nyenyezi kukatapa sampulo monga amacitila anyamata a ku labu ya pa mgodi. Mu 1969, Donald Clayton, Stirling Colgate ndi Gerald Fishman ananena kuti ngati supanova imapangadi nikeli ndi kobalti wosakhazikika, ndiye kuti zizindikilo zake za gamma ziyenela kuoneka. Cinatsala ndi kuyembekezela nyenyezi yapafupi kuti iphulike.

Nyenyezi ya 1987

Acikulile amakumbukila 1987. Ndico caka cimene Copperbelt University inakhazikitsidwa ku Kitwe, caka cotsatila zipolowe za mtengo wa unga za December 1986. Pamene ife tinali ndi nkhawa za m'khichini, kumwamba cakum'mwela kunacitika cinthu cimene cinali cisanaoneke ndi maso kuyambila mu 1604.

Usiku wa pa 23 kuca wa pa 24 February 1987, Ian Shelton ndi Oscar Duhalde ku Las Campanas m'dziko la Chile, komanso Albert Jones ku New Zealand, anaona nyenyezi yatsopano m'kamtambo ka nyenyezi kochedwa Large Magellanic Cloud. Kamtamboka kamaoneka kuno kwathu cakum'mwela usiku wopanda mwezi, ngati kacidutswa kothothoka ku Mlalang'amba. Anthu a ku Ulaya sakaona, koma ife timakaona. Nyenyezi imene inaphulika inali yolemela kuposa dzuwa pafupifupi nthawi 20. Inawala kwambili mu May caka comweco, ndipo inali kuoneka popanda telesikopu.

Kutalika kwake n'kovuta kukuganizila. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, kutanthauza kuti pa sekondi imodzi kungayende mtunda wa pakati pa Kitwe ndi Ndola pafupifupi nthawi 5,000. Kucokela ku dzuwa kumatenga mphindi 8. Kucokela ku nyenyezi ija kunatenga zaka pafupifupi 168,000.

Kuphulikako kunapanga nikeli-56 wolemela kuposa dziko lapansi nthawi zoposa 20,000. Theka la nikeli ameneyu limasanduka kobalti-56 pa masiku 6 alionse, ndipo theka la kobaltiyo limasanduka citsulo-56 pa masiku 77 alionse. Umboni unabwela m'njila ziwili. Coyamba, patapita miyezi ingapo, kuwala kwa supanovayo kunayamba kucepa ndi theka pa masiku 77 alionse, ndendende ndi liwilo la kobalti-56. Caciwili, kuyambila mu August 1987, setilaiti ya dziko la America yochedwa Solar Maximum Mission inayamba kulandila ceza ca gamma ca zizindikilo 847 ndi 1,238. Nambala ya NRC inapezeka. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona citsulo cikupangidwa. Ndipo citsulo-56 cimeneci ndico mtundu woculuka wa citsulo ca m'makasu athu, m'njanji za TAZARA, ndi m'magazi athu.

Mlalang'amba ukali kupanga

Supanova imodzi ikanatha kukhala mwayi cabe. Umboni wina unacokela ku aluminiyamu-26. Ameneyu amapangidwa m'nyenyezi zikuluzikulu, ndipo amatuluka m'mphepo yamphamvu imene zimauzila zikali moyo komanso pamene ziphulika. Theka lake limasanduka maginiziyamu pa zaka 717,000. Kwa munthu ndi nthawi yaitali, koma poyelekeza ndi zaka za Mlalang'amba, zoposa 10 biliyoni, ndi kanthawi kocepa. Akanakhala kuti anapangidwa kamodzi pa ciyambi, sembe anatha kalekale. Ngati alipo, ndiye kuti akupangidwabe.

Setilaiti ya HEAO-3, imene inaponyedwa mu 1979, inapeza cizindikilo 1,809 cikucokela capakati pa Mlalang'amba, ndipo William Mahoney ndi anzake anatsimikizila zimenezi mu 1984. Compton Gamma Ray Observatory, imene inagwila nchito kuyambila 1991 mpaka 2000, inajambula mapu a thambo lonse. Mapuwo anaonetsa kuti cezaco cimatsatila mzele wa Mlalang'amba ndipo cimaculuka kumene kuli magulu a nyenyezi zikuluzikulu zatsopano, monga dela la Cygnus. Kenako setilaiti ya maiko a ku Ulaya yochedwa INTEGRAL, imene inaponyedwa mu October 2002, inapima bwino kwambili. Mu 2006 gulu la Roland Diehl ku Germany linalengeza kuti mu Mlalang'amba muli aluminiyamu-26 wolemela pafupifupi madzuwa atatu, ndipo kuti aculuke conco, pamafunika nyenyezi zikuluzikulu pafupifupi ziwili kuphulika pa zaka 100 zilizonse.

Pali mitundu inanso iwili. Titaniyamu-44, amene theka lake limatha pa zaka pafupifupi 60, anapezeka mu 1994 m'zotsala za nyenyezi yochedwa Cassiopeia A, imene kuwala kwa kuphulika kwake kunafika kuno zaka zoposa 300 zapitazo. Mu 2014 telesikopu ya NuSTAR inaonetsa kuti titaniyamuyo anamwazika m'zibuluma, kusonyeza kuti nyenyezi siphulika mofanana mbali zonse.

Wina ndi citsulo-60, ndipo apa m'pamene nkhani ya agogo aja ikulowela. Theka la citsulo-60 limatha pa zaka 2.6 miliyoni, ndipo cimasanduka kobalti-60. Kobalti-60 ameneyu ndi amene amatulutsa zizindikilo 1,173 ndi 1,332, zimene INTEGRAL inazipeza mu Mlalang'amba. Ndi ceza cimodzimodzi ndi ca makina a kobalti a m'cipatala.

Citsulo-60 cinafikanso pansi pano. Akatswili a ku Munich anacipeza m'miyala ya pansi pa nyanja ya Pacific, m'mkwamba wa zaka pakati pa 2 ndi 3 miliyoni zapitazo. Pambuyo pake cinapezekanso m'dothi lotengedwa ku mwezi ndi m'cipale ca ku Antarctica. Ndi fumbi la nyenyezi zimene zinaphulika m'dela lathu la Mlalang'amba.

Kodi ceza ca kumwamba cingativulaze?

Iyayi. Mpweya umene uli pamwamba pathu umachinga mofanana ndi madzi akuya mamita 10, conco ceza cimeneci sicifika pansi. N'cifukwa cake makina ocipima amaikidwa pa masetilaiti kapena pa zibaluni zouluka m'mwamba kwambili. Ngakhale kumeneko n'cocepa zedi. Pa malo aakulu ngati cikhadabo ca cala, kadontho ka ceza ca aluminiyamu-26 kamagwa pafupifupi kamodzi pa ola. Akatswili amasonkhanitsa timadontho timeneti kwa zaka kuti apeze cithunzi cimodzi.

Kwa anansi athu ku Namibia, pa mapili a Khomas, kuli matelesikopu a H.E.S.S. amene anayamba nchito mu 2002. Iwo amapima ceza ca gamma ca mtundu wina, camphamvu koposa, cimene sicicokela ku maatomu osakhazikika. Nawonso saona cezaco mwacindunji. Amaona kung'anima kwa buluu kumene cimacititsa cikagunda mpweya m'mwamba.

Zimene zili pansi pa mapazi athu

Tsopano tibwelele kwathu. Dziko lapansi linaumbika zaka pafupifupi 4.5 biliyoni zapitazo kucokela ku mpweya ndi fumbi, ndipo m'fumbilo munali zotsala za nyenyezi zakale. Mkuwa wambili unapangidwa m'nyenyezi zikuluzikulu. Kobalti anacokela ku nyenyezi zophulika. Yuleniyamu ndi golide zimafuna malo oopsa koposa. Pa 17 August 2017 akatswili anaona kugundana kwa nyenyezi ziwili za manyutiloni, zimene ndi maphata otsala a nyenyezi zikuluzikulu zophulika, ndipo anapeza umboni wakuti maatomu olemela kwambili amapangidwa m'kugundana kotelo. Pambuyo pake madzi amcele otentha, oyenda m'miyala kwa zaka mamiliyoni, anasonkhanitsa zitsulozi m'dela lathu ndi la Katanga. Makolo anazipeza kale azungu asanabwele: anali kukumba ku Kansanshi ndi ku Bwana Mkubwa, ndipo mitanda ya mkuwa inapezeka m'manda akale a ku Ingombe Ilede.

Pa zaka zonsezo, maatomu osakhalitsa anatha. Kobalti-56 ndi kobalti-60 amene analipo pa ciyambi anasanduka citsulo ndi nikeli kalekale. Kobalti yense amene amakumbidwa ku Nkana, ku Chambishi kapena kutoledwa pa Black Mountain ndi kobalti-59, amene ndi wokhazikika. Satulutsa ceza ciliconse. Mkuwa nawonso sutulutsa. Limenelo ndilo yankho la mnyamata uja. Kobalti-60 wa m'cipatala amacita kupangidwa: amatenga kobalti-59 n'kumuika mu liyakita ya nyukiliya, m'maiko monga Canada ndi Russia, kuti alandile nyutiloni imodzi yowonjezela. Theka lake limatha pa zaka zisanu ndi miyezi itatu, n'cifukwa cake kobalti wa m'makina amasinthidwa pakapita zaka zingapo.

Otsala ndi maatomu ocedwa kutha. Theka la yuleniyamu-238 limatha pa zaka 4.5 biliyoni, conco akalipo. Palinso tholiyamu ndi potaziyamu-40. Potaziyamu ali m'nthoci, m'mbatata, m'nshawa ndi m'nyemba, ndipo thupi limamufuna. M'thupi la munthu wamkulu aliyense maatomu pafupifupi 4,000 a potaziyamu-40 amasintha pa sekondi iliyonse. Takhala conco kuyambila kubadwa, ife ndi makolo athu. Ndege zofufuza miyala zimene zimauluka motsika zimanyamula makina owelenga zizindikilo za gamma za potaziyamu, yuleniyamu ndi tholiyamu m'nthaka. Njila yake ndi yomweyo ya INTEGRAL, kungoti makina ayang'ana pansi.

Yuleniyamu tili naye pafupi. Kutsidya kwa malile, mgodi wa Shinkolobwe pafupi ndi Likasi ndi umene unapeleka yuleniyamu wambili wa bomba limene linaponyedwa pa Hiroshima pa 6 August 1945. Kuno ku Kitwe, mgodi wa Mindola unatulutsa yuleniyamu wokwana matani pafupifupi 100 pakati pa 1957 ndi 1959, zaka zomwezo pamene Mindolo Ecumenical Foundation inali kuyamba capafupi. Zotsala za nchito imeneyo zinakhala pamtunda zaka zambili, mpaka pamene zinasamutsidwa pansi pa Copperbelt Environment Project, imene inayamba mu 2003 ndi ndalama za World Bank. Ku Lumwana miyala ina ya mkuwa ili ndi yuleniyamu, ndipo imaunjikidwa payokha. Ku Malawi, mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatulutsa yuleniyamu kuyambila 2009 mpaka 2014.

Pa yuleniyamu wa m'miyala, coopsa cacikulu si ceza ca gamma cogunda khungu, koma zimene zimalowa m'thupi. Yuleniyamu akamasintha pang'onopang'ono amabala mpweya wochedwa radon, wopanda fungo ndi mtundu, umene umaunjikana m'malo otsekeka monga pansi pa mgodi. World Health Organization imati radon ndi cimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo pambuyo pa fodya, ndipo ngozi imakula kwambili kwa munthu wokoka fodya. Mafani opopa mpweya pansi pa mgodi amateteza ku zimenezi.

Tinenenso mosabisa kuti mavuto amene avutitsa kwambili matauni athu si a ceza. Senta ya ku Kankoyo, fumbi la miyala loumitsa mapapo, asidi wotayikila mu Kafue, mtovu wa ku Kabwe, ndi kugumuka kwa milu monga kumene kunapha anthu pa Black Mountain mu June 2018, zonsezi n'zoopsa popanda ceza ciliconse. Kunena kuti kobalti wathu satulutsa ceza sikutanthauza kuti fumbi lake n'labwino kulipuma.

Kwa odwala ndi owasamalila

Cancer Diseases Hospital ku Lusaka inatsegulidwa mu 2007, ndipo pakati pa makina amene inayamba nawo panali a kobalti-60. Makina ena, ochedwa linear accelerator, amapanga ceza ndi magetsi, ndipo akazimitsidwa ceza cimatha. M'mitundu yonse iwili, madokotala amalunjikitsa ceza pa cotupa kucokela mbali zosiyanasiyana, pang'onopang'ono kwa masabata angapo, kuti maselo a khansa aonongeke pamene abwino akupeza mpata wocila.

Tamvapo za mabanja amene amapatula mbale ndi zofunda za wodwala wobwela ku Lusaka, kapena kuletsa adzukulu kumuyandikila. Tamvaponso za ena amene anakana kupita cifukwa ca mawu akuti kuwocha. Zoona zake n'zakuti munthu wolandila ceza cocokela ku makina akunja sanyamula cezaco kupita naco kunyumba, monga mmene munthu wothela dzuwa sawala usiku. Mungadye naye mbale imodzi, mungagone naye cipinda cimodzi, angafukate khanda. Pa nthawi ya cithandizo samva moto. Khungu likhoza kuda kapena kunyeleza pamalopo, ndipo thupi limalema, koma zimenezi madokotala amazidziwa ndipo amathandiza. Pali zithandizo zina, monga mankhwala akumwa a ayodini wotulutsa ceza, zimene zimafuna kusamala kwa masiku ocepa, ndipo pamenepo acipatala amapeleka malangizo omveka. Cimene cimapha ambili ndi kucedwa kupita.

Kwa ogula ndi otola zitsulo zakale

Apa m'pamene pali ngozi yeniyeni ya ceza ca gamma. M'mafakitale a pa migodi, pa mapaipi a matope a miyala, pamakhala timakina topima kulemela kwa matopewo pogwilitsa nchito siziyamu-137 kapena kobalti-60. Palinso makina ojambulila zowochelela. Kanthu kotulutsa cezako n'kakang'ono, nthawi zina kocepa kuposa cala, ndipo kamakhala m'cikopa colemela ca mtovu. Kali m'cikopamo, kali pa malo ake, sikavuta. Vuto limabwela makina akatayika kapena kubedwa n'kufika kwa wa zitsulo zakale.

Mu September 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna awili anatenga makina akale m'cipatala cosiyidwa n'kuwagulitsa. Wogula anaona ufa wowala buluu m'kati, n'kugawila abale ake. Anthu anayi anamwalila, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 6, ndipo anthu oposa 100,000 anapimidwa. Mu 2000, ku Samut Prakan m'dziko la Thailand, ogwila nchito pa zitsulo zakale anang'amba makina a kobalti-60, ndipo atatu anamwalila. Onsewa anali anthu ofuna cakudya ca ana, monga ife.

Conco tikupempha kuti mfundo izi zifike ku magulu a amai, a abambo ndi a acinyamata. Cizindikilo ca ngozi ya ceza ndi mapiko atatu akuda kapena ofiilila ozungulila kadontho, pa cikwangwani cacikasu. Mukaciona pa citsulo, kapena mukapeza kacitsulo kolemela modabwitsa poyelekeza ndi kukula kwake, musakang'ambe, musakaike m'thumba, musapite nako kunyumba. Talikilani, cotsani ana, ndipo dziwitsani apolisi kapena a Radiation Protection Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2005 kuti liziyang'anila zinthu zotele. Kutalikila kumathandiza kwambili: mukawilikiza mtunda kawili, ceza cimacepa kanayi. Ngati wina wagwila cinthu cotele n'kuyamba kusanza kapena kutuluka zilonda ngati zamoto popanda moto, apite kucipatala msanga ndipo anene cimene anagwila. Komanso tisatape mcenga kapena dothi loumbila njelwa pa madamu akale a zotsala za m'migodi, ndipo ana asasewelepo.

Tulukani panja mukaone

Magetsi akazima usiku wopanda mwezi, tengani ana mutuluke nawo pabwalo. M'miyezi ya June ndi July, cakumadzulo, pafupi ndi pamwamba pa mutu pamaoneka gulu la nyenyezi lopindika ngati cinkhanila, ndipo pakati pake pali nyenyezi yofiila yochedwa Antares. Ili m'gulu la nyenyezi zikuluzikulu la Scorpius-Centaurus, kumene INTEGRAL inapezanso aluminiyamu-26. M'nyengo ya mvula, mitambo ikang'ambika, yang'anani Akamwiniatsatana. Capambali pake pali nyenyezi ina yofiila, Betelgeuse. Zonse ziwili n'zikuluzikulu ndipo tsiku lina zidzaphulika, koma zili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka zoposa 500, kutali kwambili moti sizingativulaze. M'nyengo yomweyo, cakum'mwela, mudzaona kamtambo kaja ka 1987.

Mwana akafunsa mafunso amene simungayankhe, musamukalipile. Mutumizeni kwa aphunzitsi a sayansi a mumpingo mwanu, ndipo mulimbikitseni pa masamu ndi fizikisi. Dziko lathu likufuna anthu odziwa kupima ceza m'migodi, m'zipatala ndi pa malile. Mnyamata amene anafunsa funso lija tamuyankha kale pamaso, ndipo analonjeza kuti agogo ake abwelela pa mphasa imodzi ndi banja lonse. Amene muli ndi mafunso ena a mtundu umenewu, apelekeni kwa alembi a mipingo yanu, adzatifikitsila.